A Waller, Galu Wawo Jimmy ndi Magetsi a Mtima

Anzanga, pa bolodi pano mwezi ndi mwezi timawerenga mbiri za anthu andale, oimba ndi osewera mpira. Ulendo uno ndakutengerani munthu wa sayansi, ndipo ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuyasamula. Dikirani kaye. M'nkhaniyi muli galu, muli sitima yoseweretsa ana, mulinso akuluakulu a Nyumba ya Malamulo akukangana za mapazi a galuyo.

Munthuyu ndi Augustus Desiré Waller. Iwowa ndi amene anayamba kujambula magetsi ochokera mu mtima wa munthu wamoyo popanda kumung'amba kapena kumubaya paliponse. Zimene anayambitsazo lero amazitcha ECG, timizere tokwera ndi kutsika tija timene mumationa m'mafilimu pambali pa bedi la wodwala. Ambirife timayesa kuti ndi za anthu okha. Ayi ndithu. Madokotala a ziweto amayezanso agalu, amphaka, akavalo ndi ng'ombe ndi makina a mtundu womwewo, ndipo nzeru yonseyi inayambira pa nyama isanafike pa munthu.

A Waller anabadwira mumzinda wa Paris ku France pa 12 July 1856, koma anali Mngelezi. Bambo awo, a Augustus Volney Waller, analinso katswiri wotchuka, amene anafufuza zimene zimachitikira mtsempha wa uthenga ukaduka. Banjali linasamukira ku Geneva, dziko la Switzerland, ndipo mwanayo anaphunzira kumeneko m'Chifalansa. Mu 1870 bambo aja anamwalira, mwana ali ndi zaka 14 zokha, msinkhu wa ife tomwe a Fomu 1 ndi Fomu 2. Mayi ake anamutenga n'kupita naye ku Aberdeen ku Scotland, mzinda womwe uja kunabadwira Robert Laws wa ku Livingstonia. Kumeneko anaphunzira udokotala, namaliza mu 1878. Koma mtima wawo sunali pa kuona odwala m'wodi ayi. Iwo ankafuna kudziwa mmene thupi limagwirira ntchito, ndiye anapita ku London kukagwira ntchito mu labotale ya a John Burdon-Sanderson, amene pa nthawiyo ankafufuza magetsi a mitima ya achule.

Inde, achule. Mu 1856, chaka chomwe a Waller anabadwa, akatswiri awiri, Kölliker ndi Müller, anaonetsa kuti mtima wa chule ukamagunda umatulutsa timagetsi. Koma kuti aone zimenezi ankayenera kutsegula chuleyo, mtima n'kukhala pamtunda. Ndiye nzeruyo inali ya mu labotale basi. Palibe munthu angalole kumutsegula pachifuwa kuti anthu angoonako, ndipo palibenso mlimi angapereke ng'ombe yake yamoyo kuti aichite zimenezo.

Apa ndifotokozeko pang'ono za mtimawo, apo ayi zotsatirazi sizimveka. Mtima wa munthu, wa galu, wa mbuzi, yonseyi ili ndi zipinda zinayi, ziwiri m'mwamba ndi ziwiri m'munsi. Kuti magazi ayende bwino, zam'mwamba zimayamba kufinya, kenako zam'munsi. Nanga chimaziuza nthawi ndi chiyani? M'chipinda cham'mwamba chakumanja muli kamalo kakang'ono kotchedwa SA node, kamene kamatulutsa kamphamvu ka magetsi mobwerezabwereza. Kamalo kameneka kali ngati mnzathu woliza belu pano pa sukulu. Belu likalira, uthenga umafalikira m'zipinda zam'mwamba, kenako umafika pa kachipata kotchedwa AV node, pamene umaima kaye pang'ono kuti magazi atsikiretu, ndiyeno umathamangira m'zipinda zam'munsi. Akatswiri Arthur Keith ndi Martin Flack anapeza SA node mu 1907, ndipo anayamba kuiona mu mtima wa mfuko. Choncho pamene a Waller ankayamba ntchito yawo, woliza belu ameneyu anali asanadziwike n'komwe.

Mu 1883 a Waller anayamba kuphunzitsa pa London School of Medicine for Women, sukulu ya amayi ofuna udokotala, zomwe zinali zachilendo masiku amenewo. Chaka chotsatira anasamukira ku chipatala cha St Mary's ku Paddington, mu London momwemo. Anakwatira Alice Palmer, mwana wa George Palmer wa kampani ya mabisiketi ya Huntley & Palmers. Ndiye ndalama sizinali vuto kwenikweni, mpaka anali ndi labotale yawoyawo kunyumba. Ana awo ankathandiza pa zoyesayesazo, ndipo nthawi zina oyesedwawo ankakhala iwo omwe. Tangoganizani, kuweruka ku sukulu n'kupeza bambo akukudikirani ndi mawaya!

Maganizo amene anawabwerera anali osavuta kumva. Thupi ladzaza ndi madzi okhala ndi mchere, ndipo madzi a mchere amadutsa magetsi, monga tinaonera mu labu tsiku lija babu linayaka. Ngati zili choncho, magetsi a mtima ayenera kufika mpaka pakhungu, m'manja ndi m'mapazi momwe. Vuto ndi lakuti akafika kumeneko amakhala ochepetsetsa, pafupifupi millivolt imodzi. Batire la tochi lili ndi 1.5 volts, kutanthauza kuti limaposa magetsi amenewa ka 1,500. Ndi chifukwa chake sitigwidwa shoko tikapatsana moni wa pamanja.

Kuti aone kanthu kochepa chonchi, anagwiritsa ntchito chida chimene anapanga Gabriel Lippmann wa ku France. Chinali kachubu kagalasi kowonda ngati tsitsi, m'kati mwake muli mercury, chitsulo chamadzimadzi chija cha mu thermometer, ndi asidi pamwamba pake. Magetsi akadutsa, mercury ankasuntha pang'ono kwambiri, moti pamafunika maikulosikopu kuti uone. A Waller anawalitsa nyale pa kachubuko kuti chithunzithunzi cha mercury chigwere pa galasi lojambulira zithunzi, ndipo galasilo analikweza pa kangolo ka sitima yoseweretsa ana kuti lizisuntha pang'onopang'ono. Osati sitima ya malasha yochokera ku Moatize imene imadutsa m'boma lathu lino, koma kachidole chabe. Ine pamenepa mpamene ndinawakonda a Waller, chifukwa nzeru yake ndi yomweyi ya ife opanga magalimoto a mawaya: chimene chili pafupi ndi chomwecho.

Mu 1887, ku St Mary's, anamangirira tizitsulo tonyowa ndi madzi a mchere pachifuwa ndi kumsana kwa munthu, ndipo pagalasi paja panatuluka mzere wovina limodzi ndi mtima. Zotsatirazo anazilemba mu Journal of Physiology chaka chomwecho. Kuno kwathu nthawi imeneyo tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinali chisanayambe kumangidwa, ndipo boma la Angelezi linali lisanakhazikike. Chimene anatsimikiza ndi chakuti magetsi amatsogola, kugunda kumabwera pambuyo. Belu limayamba, anthu n'kumadzuka. Anapezanso kuti palibe chifukwa chovula malaya: munthu akhoza kungoviika dzanja ndi phazi m'madzi a mchere. Ndipo poti mtima sukhala chilili koma umapendekera kumanzere, dzanja lamanja ndi phazi lamanzere zinkapereka mzere wooneka bwino kuposa mbali zina. Atayeza anthu obadwa ndi mtima kumanja, amene alipo ngakhale ndi ochepa, zinthu zinatembenuka.

Mu 1889 akatswiri anasonkhana ku Basel, ndipo a Waller anaonetsa zimenezi. Pagulupo panali Willem Einthoven wa ku Leiden, dziko la Netherlands. Iyeyu anaona kuti mercury ndi waulesi, amachedwa kusuntha, ndiye amabisa zambiri. Anabwerera kwawo n'kukalimbana nazo zaka zambiri, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anapanga makina ena okhala ndi kaulusi kowonda kwambiri pakati pa maginito akuluakulu. Makinawo ankalemera pafupifupi makilogalamu 270, kuposa matumba asanu a feteleza, ndipo pamafunika anthu asanu kuti awayendetse. Einthoven yemweyo ndiye anatcha timapiri ta mzerewo mayina a P, Q, R, S ndi T. Kaphiri ka P ndi uthenga ukudutsa m'zipinda zam'mwamba, QRS ndi kosongoka kaja ka zipinda zam'munsi, pomwe T ndi mtima ukukonzekera kugunda kotsatira. Zilembo zimenezi ndi zomwezo kaya mukuyeza mphunzitsi wamkulu kaya mwana wa mbuzi.

Tsopano tifike pa Jimmy. Ameneyu anali galu wa a Waller, wa mtundu wa bulldog, wamfupi, wamphuno yophwatalala, ndipo ankawatsata mpaka mu labotale. Anazolowera kuima phee, mapazi ali m'mitsuko yagalasi ya madzi a mchere, mawaya akuchokera m'mitsukomo kupita ku makina. Mu 1909 a Waller anamuonetsa pa chionetsero cha Royal Society ku London, anthu n'kumaona mtima wa galu ukulemba wokha, mwini wake ali chiimire. Nkhaniyo itamveka, phungu wina, a Ellis Griffith, anaifikitsa m'Nyumba ya Malamulo. Anafunsa nduna ya za m'dziko, a Herbert Gladstone, ngati kumanga galu lamba wa misomali m'khosi n'kumuimika m'mankhwala olumikizidwa ku mawaya sikunali kuphwanya lamulo la mu 1876 loteteza nyama ku nkhanza. Nduna inayankha kuti lambayo anali kolala wamba wokongoletsedwa ndi timabatani ta chitsulo, kuti mankhwalawo anali mchere wa m'ndiwo womwewu, ndipo aliyense amene anapondapo m'madzi a m'nyanja yamchere akudziwa mmene zimamvekera. Inatinso galuyo sanamangidwe pakamwa, ndiye chikhala kuti ankamva ululu, oyamba kudziwa akanakhala anthu amene anaima naye pafupi.

Ambiri akamva nkhaniyi amaseka phungu uja. Zoona, anasokoneza chinthu chimodzi chachikulu: mawaya aja sankalowetsa magetsi mwa Jimmy, ankangotapa amene ankatuluka mwa iye. Koma ine sindikuona kuti kufunsa kwake kunali kopusa. Zaka zomwezo mu London munali mkangano woopsa wa galu wina wofiirira amene anang'ambidwa pophunzitsa ophunzira a udokotala mu 1903. Nkhaniyo inafika kukhoti, anthu anamumangira chipilala ku Battersea, ndipo mu 1907 kunachitika zipolowe m'misewu chifukwa cha chipilalacho. Ndiye munthu akamva za galu, labotale ndi mawaya, sakanalephera kukayika. Nanga kuno kwathu, galu akagendedwa pa msika mpaka kuthyoka mwendo, ndani amafunsa? Ubwino wa njira ya a Waller unali womwewo umene phunguyo ankafuna, kuti nyama iyezedwe n'kubwerera kwawo ikugwedeza mchira.

Chodabwitsa ndi chakuti mwini wake sankakhulupirira kuti nzeru yakeyo idzathandiza kwambiri odwala. Cha m'ma 1911 ankaonabe kuti ECG sidzagwiritsidwa ntchito kawirikawiri m'zipatala, mwina mwa apo ndi apo pa matenda osowa. Apa anaphonya kutalitali. Nthawi yomweyo, mu London momwemo, dokotala wachinyamata Thomas Lewis anali atayamba kale kuyeza odwala ndi makina a Einthoven. Lewis ankafufuza anthu amene mtima wawo umagunda mosalongosoka, opanda ndondomeko iliyonse, ndipo anaonetsa kuti zipinda zam'mwamba zimakhala zikungonjenjemera m'malo mofinya. Vutoli amalitcha atrial fibrillation. Pofuna umboni wina anapita kwa akavalo, chifukwa nawonso amadwala chimodzimodzi, ndipo mu 1912 analemba za kugunda kosalongosoka kwa mitima ya akavalo. Mwaona eti? Nyama zinathandiza madokotala a anthu, kenako nzeruyo inabwereranso kwa nyama.

Masiku ano dokotala wa ziweto samuimikanso galu m'mitsuko. Amamugoneka cham'mbali, mbali yakumanja ili pansi, n'kumupana timapanisi tinayi pakhungu la miyendo, atanyowetsapo ndi sipiriti kapena mafuta ake apadera. Kavalo ndi ng'ombe amaziyeza chiimire, kapanisi kena pakhosi kena pachifuwa kuseri kwa mwendo wakutsogolo. Akatero amayang'ana zinthu zingapo: mtima ukugunda kangati pa mphindi, mipata ya pakati ikufanana kapena ayi, ndiponso ngati P aliyense akutsatidwa ndi QRS wake.

Apa mpamene ntchito ya ziweto imavutirapo kuposa ya anthu, chifukwa nyama iliyonse ili ndi liwiro lake. Kavalo akamapuma mtima wake umagunda pakati pa ka 28 ndi ka 44 pa mphindi, ng'ombe cha m'ma 60 mpaka 80, mbuzi kuposerapo pang'ono, galu kuyambira cha m'ma 70 mpaka 120 malinga ndi kukula kwake, mphaka amapitirira 140, pomwe nkhuku imafika 250 n'kupitirira. Liwiro la mphaka litapezeka mwa kavalo, ndiye kuti zinthu zavuta kwambiri. Komanso sikuti kusalongosoka kulikonse ndi matenda. Galu wathanzi akagona phee, mtima wake umathamanga akamakoka mpweya ndipo umachedwa akamautulutsa. Kavalo wamphamvu akamapuma, nthawi zina P amaoneka koma QRS osabwera, kugunda kumodzi n'kudumphidwa, ndipo akangoyamba kuthamanga zimatha zokha. Wosadziwa akhoza kupereka mankhwala kwa nyama yabwinobwino.

Matenda enieni nawo alipo. Kachipata kaja kakatsekekeratu, belu limalira m'mwamba koma uthenga osatsika, ndiye zipinda zam'munsi zimayamba kudziyendera pang'onopang'ono, galu n'kumafooka ndi kukomoka. M'mayiko ena galu wotere amamuika kamakina koyendera batire kotsogolera mtima, monga amachitira ndi anthu. Atrial fibrillation ija ili ngati aliyense m'kalasi watenga chitini chake n'kumaliza, P osaonekanso. Imagwira agalu akuluakulu ndi akavalo, ndipo mwa ng'ombe nthawi zambiri imabwera chifukwa cha vuto la m'mimba, moti m'mimbamo mukachira mtima umakhazikika wokha. Palinso kugunda kongodumphira, kochokera m'zipinda zam'munsi belu lisanalire. Galu wogundidwa ndi galimoto, monga zimachitikira mumsewu wathu wa mathiraki wopita ku boda, akhoza kudzuka n'kumayenda ngati wapulumuka, koma pakatha tsiku limodzi kapena awiri mtima wovulala uja n'kuyamba kudumphira choncho. Mphaka wamphongo amene mkodzo watsekeka, mchere wotchedwa potassium umachuluka m'magazi mwake, T amatalika, P amazimiririka, ndipo akapanda kuthandizidwa msanga mtima umaima. Koma ECG siona zonse ayi. Ng'ombe yomeza msomali kapena waya umene waboola chifu n'kufika pa thumba la mtima, dokotala amaidziwa kwambiri pomvetsera pachifuwa ndi kuona kutupa kwa m'munsi mwa khosi.

Alangizi a ziweto amene timawaona m'midzi mwathu sayenda ndi makina amenewa. Zida zawo ndi choyezera kutentha, chomvera pachifuwa ndi zala. Zala zomwezo inunso muli nazo: pa galu kapena mbuzi gwirani m'kati mwa ntchafu ya mwendo wakumbuyo, werengani kugunda kwa masekondi 15, muchulukitse ndi 4. Koma chonde, galu wake akhale wakwanu ndiponso wobayitsa katemera wa chiwewe, musakanene kuti bolodi ndi limene linakutumani. Amene zakusangalatsani, maphunziro a za ziweto amachitikira ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, ndipo udokotala wa ziweto uli ku LUANAR, ku Bunda. Ndiye Bayoloje, Fizikisi ndi Ulimi musamazithawe masana dzuwa likatentha.

Tibwerere kwa a Waller. Iwo sanali munthu wa chinthu chimodzi. Mu 1892 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anakhala mkulu wa labotale ya University of London. Analimbana kwambiri ndi nkhani ya chloroform, mankhwala ogonetsa anthu pa opaleshoni, amene ankapha odwala ena chifukwa madokotala ankangothira mongoyerekeza. Iwo ankaumirira kuti mankhwalawo aziyezedwa, ndipo anapanga chida choyezera. Anayesanso magetsi m'maso a achule, m'masamba, m'mazira ndi mu mbewu, pofuna kuona ngati magetsi angasiyanitse mbewu yamoyo ndi yakufa isanadzalidwe. Zimenezo zikanagwira m'midzi, bwenzi makolo athu asakudandaula za chimanga chosamera. Pa za ECG anasinthako maganizo pambuyo pake, chifukwa pofika 1917 anali atasonkhanitsa ma ECG okwana 2,000 ndipo anakawafotokoza pamaso pa akatswiri anzawo.

Anamwalira ku London pa 11 March 1922 atadwala sitiroko, ali ndi zaka 65. Patangopita zaka ziwiri, mu 1924, mphotho ya Nobel ya za mankhwala inaperekedwa kwa Einthoven chifukwa cha ECG. Mphothoyi saipereka kwa munthu amene anamwalira kale, ndiye za a Waller sizikanakambidwanso n'komwe, ngakhale Einthoven mwini wake sankabisa kuti woyamba kujambula mtima wa munthu anali iwowo. Mwa ana awo asanu, Mary Waller ndiye anatsata mapazi a bambo ake mu sayansi. Anakhala mphunzitsi wa Fizikisi pa sukulu yomwe ija ya amayi ophunzira udokotala, kumene bambo ake anayambira kuphunzitsa mu 1883.